Galu wa Mnansi

3 Epulo

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino. Kuno tadzuka, kupatula mawondo angawa amene amayamba kuyankhula mitambo ikangosonkhana. Azakhali ako ali bwino, pakamwa pokha ndiye sipapuma. Dzulo amandipatsa foni yawo kuti ndiyankhule nawe, ndinakana. Ukudziwa kuti makina opalira matabwa aja anandidya makutu. Pafoni ndimangomva ngati njuchi yatsekeredwa m'botolo. Ndiye tizilemberana basi. Dalaivala wa basi ya m'mawa, uja timamutchula a Kachipewa, wavomera kumatinyamulira makalata.

Nkhani yanga ndi iyi. Mwini famase ya pamsika anabwera kushedi kuno kudzaitanitsa mashelefu. Tikucheza anandiuza kuti akusowa munthu wodziwa mankhwala woti aziyang'anira sitoloyo, ndipo atamva kuti iwe sukulu unamaliza, anati khomo ndi lotsekula. Ndinamuuza kuti ndikulembera.

Mwana wanga, usandimve molakwika. Tsiku unavala mkanjo wakuda lija ndinaomba m'manja mpaka zikhatho kutentha. Koma ine ndinkayesa kuti ukamaliza uziyang'anira ng'ombe za m'mafamu aakulu, kapena ukhala muofesi. Tsopano anthu akandifunsa kuti mwana wanu akugwira kuti, ndimati kuchipatala. Akati chipatala chiti, ndimayamba kufunafuna pensulo imene ili kukhutu kwanga komwe. Ndinene kuti amatsuka mabala a agalu ndi amphaka? Galu ndi galu. Akadwala amadya udzu, nasanza, nadzuka. Kaphulusa wathuyu, chimubweretsereni malemu mayi ako m'kabokosi ka nsapato, sanaonepo dokotala kupatula jakisoni wa chiwewe, koma ndi uyu wagona pautuchi pafupi ndi mapazi anga.

Ganizira bwino. Kuno ukhala pafupi, chipinda chako chilipo, zenera lija ndinakonza. Undiyankhe msanga munthuyo asanapeze wina. Undiuzenso ngati ukudya bwino, poti pachithunzi chija makosi anali pamtunda.

Ndine bambo ako.

11 Epulo

Okondedwa Bambo,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndasangalala kumva kuti mwadzuka. Mawondowo muziwafunditsa, matabwa olemera musamanyamule nokha. Ine ndili bwino ndipo ndikudya. Chithunzi chija anandijambula nditangoweruka, n'chifukwa chake ndinkaoneka ngati wochokera kumaliro.

Za famase zija muwathokoze eni ake, koma sindibwera. Ndikupempha kuti mumve kaye zimene ndimachita, chifukwa sindinakufotokozerenipo bwinobwino.

Chipatala chathu ndi chaching'ono. Pali chipinda chodikirira chokhala ndi mabenchi, chipinda choyezera, chipinda cha opaleshoni, ndiye kuseri kuli makola a odwala ogonekedwa. Madokotala tilipo ine ndi adokotala aakulu, ndiye pali mayi wina wotithandiza amene mikono yake ili ndi zipsera ngati anagwera pawaya waminga. Ife timalandira zadzidzidzi. Kuno sikubwera galu wongofuna kudya udzu. Kumabwera wogundidwa ndi galimoto, wodya mankhwala a makoswe, wolumidwa ndi njoka, mphaka wotsamwidwa ndi munga wa nsomba. Munthu akadwala amaloza pamene pakuwawa, Bambo. Awa sanena. Umawafunsa ndi manja ndi maso, monga inu mumagogoda thabwa n'kudziwa kuti m'kati lafumbwa.

Lachiwiri kunabwera bambo wina wamkulu thupi, woyendetsa lole, atakulunga kamphaka m'jekete. Kanagwera m'ndowa ya oyilo ndipo kanali katanyambita wambiri. Tinakasambitsa, tinakaika diripi, madzulo kanadzutsa mutu. Bambo aja anakhala pabenchi nalira ngati mwana. Anati kamphakako ndi kamene kamagona ndi mwana wawo wosayenda, ndipo sakanadziwa kolowera akanabwerera kunyumba chimanjamanja. Ndiye akakufunsani kumene ndimagwira, ingonenani zoona. Ine ntchitoyi sindichita nayo manyazi.

Za Kaphulusa, ndibwereza zomwe ndinanena patchuthi paja. Wakula, ndipo zikanakhala bwino titamutseka kubereka. Agalu aakazi akamakalamba chiberekero chimawavuta. Munati galu wa Mayi sakhudzidwa ndi mpeni, koma muganizirebe.

Mundiperekere moni kwa azakhali.

Ndine mwana wanu.

2 Meyi

Iwe mzime wa kwathu,

Moni, moni. Ndine azakhali ako. Ndili bwino, msana wokhawu. Ndikulemba ine chifukwa bambo ako akuti alibe pepala. Alibe pepala munthu amene shedi yake yadzaza ndi mapepala a miyeso! Ndiye usadabwe kuti milungu yadutsa osakuyankha. Sakudwala ayi, angonyanyala. Kalata yako anawerenga, anaipinda, nati, "Mwaona achemwali, sukulu imagonthetsa makutu kuposa makina." Ine ndinati, nanga mwanayo watengera ndani? Mlongo wangayu ali mnyamata, agogo ako ankafuna kuti akhale kalaliki wovala tayi, iye anathawira kwa kalipentala kukaphunzira kukhoma misomali. Nditamukumbutsa anangotenga landa n'kuyamba kupala thabwa lopala kale.

Koma ndikunong'oneze. Nkhani ya kamphaka kogwera mu oyilo ija anaiwerenga mokweza kwa anthu amene anabwera kudzatenga mipando. Ankati akufuna amve zachabechabe zimene ana a masiku ano amataya nazo nthawi, koma anawerenga mpaka pomaliza osadumpha liwu, ndipo pofika pamene bambo uja analira anakhosomola kaye.

Nanga iwenso wakhaliranji chete? Mukudikirana, wina ayambe ndani? Foni yanga usaidalire, batire yake imafa msanga kuposa malonjezo a mkamwini. Lemba. Bambo ako m'mawa uliwonse amapita pasiteji, ati kukaona nyengo. Kodi nyengo imatsika m'basi?

Wa famase uja wapeza munthu, ndiye imeneyo yatha. Nkhani ina kuno ndi ya Kaphulusa. Nkhalamba imeneyi masiku apitawa inali pa nyengo yake, agalu amphongo a dera lonse anasonkhana pageti ngati pali msonkhano, mpaka anathyola mpanda. Bambo ako anataya tsiku lathunthu akuwathamangitsa ndi kathabwa. Tsopano akuti mwina muli ana, ndipo ayamba kale kulonjeza anthu tiagalu.

Tandiuza, kumeneko kulibe mwamuna amene amabwerabwera ndi galu wosadwala? Ndikufunsa ine, bambo ako sadziwa.

Azakhali ako.

27 Meyi

Mwana wanga,

Moni. Kuno tili bwino. Yankho lako kwa azakhali ako ndinaliona, zoti ntchito yakupanikiza ndamva. Zimene iwo anakulembera za ine usazikhulupirire zonse.

Ndili ndi funso, koma si langa. Pali mnansi wathu wina, sumudziwa, ali ndi galu wamkazi. Wandipempha kuti ndikufunse, poti iwe ndi amene unaphunzira zimenezi.

Galuyo wasiya kudya. Ngakhale nyama akumangoinunkhiza n'kutembenuka. Madzi ndiye akumwa ngati ng'ombe, beseni mpaka kuuma, ndipo akukodza paliponse, zimene sanachitepo chibadwire. Mimba yatupa. Mwini wake amayesa kuti ndi bere, koma dzulo galuyo wasanza, ndipo kumbuyo kukutuluka zinthu zonunkha zimene akumazinyambita. Masana akumangogona pansi pa benchi. Makina akalira sakudzutsa ngakhale khutu, pamene kale ankathawira panja munthu akangogwira swichi. Mnansiyo wamupatsa mkaka ndi makala osinja, sizinathandize.

Ngati pali mapiritsi, lemba dzina lake ndikamupatsa. Si zachangu, ukapeza mpata. Koma mnansiyo ndi munthu wamkulu, ndipo galuyo anamusiyira ndi mkazi wake. Ndiye mpatawo ukapezeka msanga zingakhale bwino.

Ndine bambo ako.

1 Juni

Bambo,

Kalata yanu yandipeza lero masana. A Kachipewa anaiiwala m'thumba la jekete, akuti pepani. Ndayesa foni ya azakhali, yazima. Ndikulemba nditaimirira padepoti, basi yobwerera isananyamuke.

Bambo, mnansi wokhala ndi benchi, makina ndi galu womusiyira mkazi wake ndikumudziwa. Mumuuze kuti limenelo si bere. Ndi mafinya amene adzaza m'chiberekero, ndipo chikaphulika Kaphulusa sitimuonanso. Zimenezi zilibe piritsi, pakufunika opaleshoni. Bwerani naye mawa pa basi yoyamba. A Kachipewa ndayankhula nawo, avomera. Musamupatse chakudya, mkaka kapena makala, madzi okha pang'onopang'ono. Pomunyamula musafinye mimba, dzanja lina pachifuwa, lina kuntchafu. Mumufunditse.

Musachite manyazi, ndipo musadikire kuti muone ngati achira yekha. Mukandipeza padepoti.

Mwana wanu.

2 Juni

Mzime,

Ndikulemba mothamanga, kalatayi abwera nayo bambo ako omwe. Moni ndidzakupatsa ukachiza galu.

Kapepala kako katafika dzulo, anawerenga n'kukhala pansi pautuchi pomwepo. Ine ndinati, mwaonatu, mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Anadzuka, anatenga matabwa a tebulo limene munthu wina anaitanitsa, nakhoma bokosi lokhala ndi zogwirira ndi mabowo opumira. M'kati ayalamo bulangeti la malemu mayi ako, lija salola munthu kulikhudza. M'mawa uno galu walephera kuimirira, amunyamula monga unalembera.

Bambo akowa sanadye kanthu chiyambire dzana. Uwakakamize. Ndipo zinthu zikakanika, usawauze ali chiimire, uwakhazike pansi kaye. Amaoneka olimba, koma ndi thabwa la paini.

Azakhali ako.

4 Juni

Achemwali anga,

Landirani moni wochokera kutauni. Ndiyambe ndi chimene mukufuna kumva: Kaphulusa ali moyo. M'mawa uno wadya tinyama ta nkhuku ndipo wagwedeza mchira. Tsopano khalani pansi ndikuuzeni za mwana wanga.

M'basi anthu anadandaula ndi fungo. Mayi wina anati agalu azikwera pamwamba ndi katundu. Ine ndinamulipirira mpando wakewake, ndinatsekula zenera, ndinakhala ngati sindikumva, ndipo apa pokha makutu angawa anandithandiza. Pofika, galu anali atatseka maso, mpweya ukutuluka wa apo ndi apo.

Mwana anali padepoti atavala zobiriwira za kuntchito. Ndinali nditakonza mawu oti ndinene, koma sanandipatse mpata. Pamene amati, "Mwayenda bwanji Bambo," dzanja linali kale m'bokosi. Anakweza mlomo wa galu, anadina nkhama ndi chala, ndipo ndinaona nkhope yake ikusintha. Anaimitsa takisi. Dalaivala atayamba kukana za galu, mwana anamuyang'ana kamodzi nati, "Tsekulani kumbuyo, tilibe nthawi." Anatsekula, achemwali. Munthu wandevu zake.

Kuchipatala tinapeza adokotala aakulu kulibe, anaitanidwa kufamu ina kutali kukathandiza hatchi. Mwana sanaime. Anameta galu pamwendo, analowetsa singano ya diripi kamodzi kokha osaphonya, kenako anayendetsa kachipangizo pamimba. Pagalasi la makinawo panaoneka zinthu zakuda zopindikapindika. Anandionetsa, anandikhazika pampando, anayandikira khutu langa lomva pang'onoli nati:

"Bambo, ndikuuzeni zoona. Wafooka kwambiri. Ndikamugonetsa ndi mankhwala akhoza osadzuka. Ndikapanda kumuchita opaleshoni, mawa safika. Adokotala aakulu abwera madzulo, koma chiberekero chayamba kale kuchucha. Ine ndikuti tichite pompano. Galu ndi wanu, nenani."

Ndinati, "Unayamba wachitapo?"

Anati, "Ndinachitapo, iwo ali pambali panga. Ndekha ayi."

Ndinati, "Nanga manja ako akuti bwanji?"

Anawatambasula kuti ndiwaone. Anali phee. Ndinati, "Pita."

Chitseko cha chipinda cha opaleshoni chili ndi kagalasi. Anandiuza kuti ndikhale pabenchi, koma ine ndinaima pakagalasipo. Anasamba manja mpaka m'zigongono. Galu anagona chagada, paipi ili m'kamwa, thupi lonse lafunditsidwa nsalu kungosiya kamalo kochepa pamimba. Achemwali, ine ndadula matabwa moyo wanga wonse, munthu wodziwa kugwira chida ndimamuzindikira. Sanacheke kawiri. Ankangotambasula dzanja, mayi wothandiza uja n'kuikamo chida, osayang'anana n'komwe.

Ntchito ili pakati, kagetsi ka pamakina kanasanduka kofiira. Mayi uja anadzidzimuka. Mwana sanajejeme. Ananena mawu ochepa, mayi anabaya jakisoni mu diripi, anapotokola kampopi kena, iye anangodikira manja ali m'mimba mwa galu. Ndinapemphera pemphero lopanda mutu. Kenako kagetsi kanabwerera mwakale, ndipo anapitiriza ngati palibe chachitika. Ndiye anatulutsa chinthucho. Chiberekero chotupa ngati chubu cha njinga chopopedwa mopitirira, m'kagalu kochepa ngati kaja! Ndi chimene ine ndinkati ndi ana. Anamanga mitsempha, anatsuka m'mimba, anasoka m'kati, anasoka kunja.

Pabenchi panali anthu ena odikira. Mkulu wina wovala tayi, amene anabwera ndi galu wothyoka mwendo, anandigwira paphewa nati, "Achikulire, nanunso mukudikira dokotala wamkaziyu? Galu wanga sagwidwa ndi wina koma iyeyu." Ndinati, "Ameneyo ndi mwana wanga." Ndikuganiza kuti ndinanena mokweza, poti ngakhale ine ndinadzimva.

Atatuluka anavula chophimba kukamwa, thukuta lili chuchuchu, nati, "Tachotsa. Tsopano tidikire adzuke." Tinakhala pansi pafupi ndi khola, ine ndi iye. Dzuwa litapendeka galu anatsekula diso, ananunkhiza bulangeti lija, nandiyang'ana. Zimene ndinachita ine pamenepo sizikukhudzani.

Adokotala aakulu atafika anayang'ana bala, anayang'ana chinthu chija m'beseni, anandigwira chanza nanena zinazake. Sindinamve, koma ankaloza mwana.

Ndikhala kuno mpaka amutulutse. Mwini tebulo mumuuze adikire. Za chakudya musadandaule, mwana amaima pambali panga mpaka m'mbale mutayera.

Ndine mlongo wanu.

6 Juni

Okondedwa azakhali,

Landirani moni, ndikhulupirira msana ukukupatsani mpata. Dzana ndinaona Bambo akulemba masamba ambirimbiri atatchinga ndi mkono ngati mwana wa pamayeso, ndiye ndikudziwa kuti mbali yawo mwaimva. Imvani yanga.

Ngati akuuzani kuti sindinachite mantha, sanaone bwino. Manja okha ndi amene anali phee. Agalu ndachita ambiri, koma uyu ndi Kaphulusa, amene ndinkagona naye nthawi imene Mayi anali m'chipatala. Nditadzutsa maso ndinaona chipumi cha Bambo chitamatirira pakagalasi. Mtima wa galu utayamba kutsika ndinadziuza kuti kuchitseko ndisayang'anenso, chifukwa ndikanayang'ana ndikanasanduka mwana wawo, pamene galu ankafuna dokotala. Titamaliza ndinalowa m'chipinda chosinthira zovala n'kukhala pansi. Mayi wothandiza uja anandipeza, anandipatsa tiyi.

Kaphulusa akuchira. Kutentha thupi kwatsika, akudya, dzulo anauwa mphaka wa m'khola loyandikana nalo. Tamuveka kolala ya pulasitiki kuti asanyambite bala, akuoneka ngati walowetsa mutu m'ndowa, Bambo akuti tamuchotsera ulemu. Anyamuka mawa. Mankhwala ndawafotokozera, koma muziyang'anira inu, chifukwa iwo akangoona galu akuthamanga asiya. Mapiritsi athe onse. Asalumphe, ndipo asagone pautuchi mpaka bala litapola. Ulusi akachotse alangizi a ziweto a kumeneko pakatha milungu iwiri. Bala likatupa kapena likayamba kuchucha mundiimbire, ndiye foniyo muzitchaja, chonde azakhali.

Mlongo wanuyu ndiye mumulandire msanga, asanatilande ntchito. Asanduka wolandira alendo. Amakhala pabenchi kuyambira m'mawa, aliyense wolowa ndi chiweto amamuuza kuti, "Musaope, mwafika." Dzulo ndinawapeza akudzudzula bambo wina chifukwa chochedwa kubwera ndi galu wake. Amati, "Matenda a galu sadikira, mukanabwera dzana!" Iwowa! Ndinathawira kuseri kwa chitseko kukaseka. Akonza chitseko chathu cha kumakola chimene chinkalira, akonzanso mwendo wa benchi. Za famase sanatchule, inenso sindinatchule. Ndinangowafunsa kuti mnansi uja ali bwanji, anati akuthokoza.

Funso lanu lija la galu wosadwala ndidzayankha pamaso.

Ndine mwana wanu.

19 Juni

Wokondedwa mwana wanga,

Moni. Kuno tili bwino tonse, ine, azakhali ako ndi wodwala wako. Mapiritsi anatha onse, azakhali ako ankandilondera ngati wapolisi.

Dzulo ndinapita naye kwa alangizi a ziweto kukachotsa ulusi. Anayenda yekha, ndowa yake ili m'khosi, anthu a pamsika akuseka, ife osawalabadira. Alangizi anamugoneka patebulo, anavala magalasi, anayendetsa chala pamzere nati, "Wasoka apa ndani?" Ndinawauza. Nkhani yonse ndinaiyambira padepoti. Amene ankadikira panja ndi mbuzi zawo anayamba kudandaula, koma ndinamaliza.

Nanenso ndinaonetsetsa bwino ulusi utachoka. Mzere ndi wowongoka, mbali ziwiri zakumana popanda mpata, ngati matabwa olumikizidwa bwino osafuna guluu. Akuti chipseracho chidzabisika mu ubweya. Zimenezo zandidandaulitsa pang'ono, chifukwa ndikanakonda kuti anthu aziona.

Alangizi akuti kuno agalu aakazi ambiri amafa ndi matenda omwewo, eni ake n'kumati wina wawadyetsa poizoni. Iwo opaleshoni sachita. Afunsa ngati ungabwere tsiku lina ndi mayi wothandiza uja, mudzayeze agalu ndi kutseka ofunika kutseka. Ndinati ndikufunsa. Sindinalonjeze, chifukwa ndinaona ndekha kuti nthawi yako ili ndi eni ake, ndipo adokotala aakulu ayenera kuvomera.

Koma shedi ndasesa. Makina ndakankhira kukhoma, utuchi wonse ndatulutsa, pansi ndatsuka ndi sopo. Ngati malowo sayenera ntchito yotere, undiuze choti ndisinthe, ndisintha. Ngati sayenera n'komwe, alangizi akuti atipatsa chipinda chawo, ine ndidzakhala panja kuyang'anira mzere.

Undiuze kuti galu wa mkulu wa tayi uja akuyenda bwanji. Moni kwa adokotala aakulu ndi mayi wothandiza.

Azakhali ako akuti ndilembe zoti ubweretse. Ndawakaniza. Usanyamule kanthu, mwana wanga. Ungobwera ndi manja akowo.

Ndine bambo ako.